Mvula ya M'kawailesi

6 Okutobala

Amake Chiwala,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwanayo. Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa chija chimene chimabwera ndikakhalitsa mu nthunzi. Si choopsa. Musawauze amayi.

Munati ndizilemba, chifukwa pa foni ndimangoti “eya, eya” mpaka mayunitsi kutha. Munanena zoona. Mawu anga amabwera mochedwa, foni itadulidwa kale. Ndiye ndayamba. Adalaivala a basi avomera kuti azinyamula makalatawa pamodzi ndi tikatundu, inu muzikatenga ku depoti m'tauni monga mwa masiku onse.

Ntchito ndi yomwe ija. Tili pansi pa hotela, kumene kulibe zenera ngakhale limodzi. Makina ochapa amalira tsiku lonse. Nsalu zoyala pabedi zimatsika zili zakuda, zimakwera zili zoyera, ndipo anthu amene amagonapo sitiwaona. Ine ndili pa makina ositira, amene amameza nsalu mbali ino n'kuilavula mbali inayo ili yotentha, ine n'kumapinda. Nthawi zina ndimaganiza kuti zaka zinayi zimene ndinaphunzira mbiri yakale ku yunivesite zinkandikonzekeretsa ngodya zinayi za nsalu. Chaka chimodzi, ngodya imodzi.

Tsopano nkhani. Ndagula kanthu, ndipo musakwiye musanamve. Mukumukumbukira Chisoti, wakwathu uja ndinkati savula chisoti ngakhale mu nthunzi? Wapeza ntchito kumzinda wina, ndiye amagulitsa katundu wake mothamanga. Anandigwira mkono pa masitepe, nati, “Aprofesa, tengani aka. Muzimva kwanu.” Kanthu kake n'kofanana ndi sopo wosambira, kopanda chingwe, ndipo galasi lake linasweka moti theka la zolemba silioneka. Akuti kamakoka wailesi pa intaneti kulikonse kumene wailesiyo ili, komanso m'kati mwake muli nyimbo zimene iye anasungamo. Ndinati sindidziwa kayendetsedwe kake. Iye anati, “Aprofesa, batani lalikulu ili. Mukadina kawiri, nyimbo. Mukadina kamodzi, kwanu. Ngakhale mbuzi ingathe.” Ndinamupatsa malipiro a masiku atatu, iye n'kuthamangira basi.

M'mawa mwake ndinakaika pa shelefu pamwamba pa makina, n'kudina kamodzi. Amake Chiwala, ndinamva wailesi ya kwathu. Muulutsi yemwe uja wa mawu a m'mphuno, amene amayamba kuseka nthabwala yake asanaimalize. Ananena mitengo ya pamsika wathu. Analengeza mbuzi yosochera ya munthu wina wa kutsidya kwa mlatho. Ndinalowetsa nsalu mopindika, kapitawo n'kundikalipira, koma ine ndinali ndisali pamenepo.

Batire lake n'lotopa, limangokwana m'mawa basi. Chimene sindikumvetsa n'chakuti pansi pano foni sigwira, koma aka kamayankhula bwinobwino. Mwina ndi mmene zinthu zimenezi zilili. Ine za mawaya sindinaphunzire.

Chaka chatha, nditatha miyezi iwiri kuno, munati munanditumizira moni pa wailesi, ine ndilibe pomvera. Tumizaninso. Tsopano ndili ndi makutu.

Ndalama ndaika mu envelopu ina. Gulani mbewu isanakwere mtengo, yotsalayo nsapato za Chiwala, zokulirapo pang'ono poti mapazi ake sadikira munthu. Lamba wa makina anu osokera ndikumufunafuna, kuno mtundu umenewo ndi wosowa.

Ine,
bambo a Chiwala

27 Okutobala

Amake Chiwala,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira, pamodzi ndi chithunzi chimene Chiwala wajambula. Mumuuze kuti ndachimata pakhoma, koma andifotokozere ngati chamiyendo isanucho ndi ine kapena galu. Ndili bwino. Chifuwa chachepa.

Mwandiseka kuti ndagula mnzanga wocheza naye. Sindikana. M'chipinda chimene ndimagona tilimo awiri, ine ndi mlonda wina wa dziko lina. Iye akamalowa ine ndikutuluka, ndipo chimene timagawana ndi ketulo ndi fungo la nsapato. Kuntchito makina salola munthu kuyankhula. Ndiye m'mawa ndimamvera kwathu mpaka batire lithe, ndipo tsiku lopuma ndimakalumikiza ku magetsi n'kumamvera nyimbo za Chisoti. Munthu ameneyu sindikumumvetsa. Kwaya ikatha pamabwera nyimbo ya kumowa, kenaka mayi wina akudandaula m'chinenero chimene sindichidziwa, kenaka kwaya inanso. Zonse zilibe mayina. Pali imodzi ya gitala yokhayokha imene imandibwezera tsiku lija ndinabwera pa khonde panu ndi buluku long'ambika, inu n'kundifunsa kuti kodi ophunzira amadumpha mipanda. Nyimbo imeneyi sindidziwa poipeza. Imangobwera yokha ikafuna.

Koma bwanji simunandiuze za mvula? Sabata yonseyi muulutsi wakhala akufuula kuti yagwa yamphamvu, nthaka yanyowa kufika m'chigongono, anthu ali pikitipikiti kudzala. M'kalata mwanu mwangoti kukutentha. Mwina munalemba isanagwe. Dzalani tsopano, musadikire anansi. Yayamba msanga ngati chaka chatha, ndipo mukukumbukira kuti amene anachedwa chaka chatha analira.

Denga lija lidontha pakona ya kuchipinda. Ikani ndowa yachitsulo pompaja mpaka ndipeze ya lata. Makina osokera muwasunthire kukhoma linalo.

Pali kena kondisokoneza. Lachitatu lapitali ndinamva mapemphero a Lamulungu, ulaliki ndi zonse. Ndinaima ndi nsalu m'manja. Ndinafunsa kapitawo kuti kodi lero ndi lachingati, iye anandiyang'ana ngati ndabwera nditamwa. Ndikuganiza kuti amabwereza mapulogalamu. Kapena ndine. Kopanda dzuwa kuno masiku amamatana ngati nsalu zonyowa, sudziwa kuti ili lathera pati.

Mwezi uno ndatumiza zochepa. Atidula maola. Akuti n'zakanthawi.

Ine,
bambo a Chiwala

16 Novembala

Amake Chiwala,

Ndikuthokoza kumva kuti muli bwino ndi kuti nsapato zamukwana. Inenso ndilipo.

Mwati munadzala theka la mbewu chifukwa ndinaumirira pa foni, ndipo yapsera m'nthaka. Mwati chiyambire dzinja lino sikunagwe ngakhale dontho. Mzere umenewu ndauwerenga mpaka pepala kufewa.

Lolemba lija ndinamva ndi makutu angawa kuti mlatho wa kusukulu wakokolokanso, ana akuwoloka atabelekedwa. Ndinatukwana mumtima kuti anthu amenewa anaukonza bwanji, chaka chimodzi chokha wapitanso. Ndinasiya makina akuyenda, n'kukwera masitepe kukakuimbirani kuti Chiwala asapite kusukulu. Inu munati, “Mlatho wake uti? Mwanayo akusewera mumchenga pansi pa mlathowo.” Kenaka munati, “Bambo a Chiwala, kodi mukudya bwino kumeneko?” Ndinadziwa chimene mumafunsa.

Ndayesa kuganiza. Mvula imatha kugwa mbali imodzi ya msewu n'kusiya inayo, zimenezo tonse tinaziona. Koma mlatho? Mlatho umakhala ulipo kapena palibe.

Mwatinso moni mwatumiza kawiri, ndipo anawerenga Lachisanu, anzanu kumsika n'kumakusekani kuti chikondi chafika pa wailesi. Lachisanu limenelo ine ndinatsala pang'ono kulowetsa khutu m'kawailesi, kuyambira poyamba mpaka batire kutha. Anawerenga moni wa anthu ambiri. Wa mphunzitsi, wa ogulitsa makala, wa mayi wina kwa ana ake asanu ndi awiri, aliyense dzina lake. Wanu sindinaumve.

Ndinafunsa adalaivala za mvula. Anati, “Ine ndimathera pa depoti, bwana, kwanuko sindifika. Ndipo ndimayang'ana maenje, osati mitambo. Koma madamu ndimawaona, ee, atatchena bwino. Thukuta lanu likuoneka!” Anaseka. Inenso ndinaseka. Mpaka pano sindikudziwa chimene ndinasekera. Ndikudziwa kuti kutauni mumapita kukagula nsalu ndi kukatenga makalatawa, ndipo telala sangayende ndi zong'ambika. Ndikudziwa.

Ndatumiza ya mbewu ina, kulowa m'malo mwa yapsayo. Ngati kulidi kouma, isungeni pouma. Onani mmene ndalembera: ngati kulidi. Ndinafuna kufufuta koma pepala ndi lomalizali.

Sindikuti mukunama. Ndikungoti sindikumvetsa.

Ine,
bambo a Chiwala

1 Disembala

Amake Chiwala,

Moni. Ndili bwino, tulo tokha n'timene tikuvuta. Kalata yanu yafika, yaifupi kuposa zonse. Mwati musiya kundiuza za nyengo popeza ndili ndi wondiuza wina. Ndamva.

Ndinaganiza kuti mwina vuto ndi dzenje limene timagwiramo ntchitoli. Pa nthawi yopuma ndinakwera nako ku kantini, kumene foni zimagwira. Ndinadina timabatani ta m'mbali timene Chisoti sanatchule. Kanayamba kufunafuna, kenaka kanapempha nambala yachinsinsi ya intaneti, imene amapatsa akuluakulu okha. Nditadina batani lalikulu, muulutsi wathu anali pomwepo, m'kati monena kuti mtsinje wasefukira m'madimba ndipo anthu achotse ziweto kumunsi. Kanyali kake kachikasu kanali koyaka, ngati masiku onse. Ndinaimbira Chisoti, nambala yake sikupezeka.

Ku yunivesite anatiphunzitsa kuti mboni ziwiri zikasiyana, uzidzifunsa kuti ndi iti imene ili ndi chifukwa chobisira. Phunziro limeneli ndayesetsa kuliiwala sabata ziwirizi, koma likundilondola mpaka pa makina. Wailesi ingapindule chiyani ponamiza munthu wosita nsalu? Imandidziwa? Ndipo munthu akakhala pamalo pamene mvula ikugwa, amanyowa. Ngati sakunyowa, ndiye kuti mwina sali pamalo... Sindimaliza. Ndikamaliza chikhala chinthu, ndipo sindikufuna kuti chikhale chinthu.

Mwina mukugona kwa mlamu masiku ena chifukwa cha ntchito. Ngati ndi choncho palibe cholakwa, mungondiuza. Mwina pali china chimene mukundibisira kuti ndisade nkhawa, monga mmene inenso ndimachitira ndi zina za kuno. Za mapepala anga okhalira m'dziko lino tidzakamba tsiku lina.

Ndinayankhula ndi achimwene. Sindinanene zambiri. Ndangowapempha kuti akamadutsa adzakuoneni, adzaone ngati pakhomo pali bwino. Muwalandire.

Kapitawo wandichenjeza kuti ndikadzasiyanso makina akuyenda ndidzakwera masitepe komaliza. Ndiye musadabwe ndikapanda kuimba masana.

Chiwala mumugulire makope awiri. Lamba sindinamupezebe.

Ine,
bambo a Chiwala

13 Disembala

Amake Chiwala,

Sindikudziwa ngati kalatayi muiwerenga. Ndalemba dzina la mlamu pa envelopu, popeza ndamva kuti inu ndi mwana muli kwa iwo. Ndikhulupirira kuti muli moyo bwino. Za ine musafunse.

Achimwene anandiimbira okha, mawu ali m'mwamba ngati munthu wochokera kosaka. Akuti anafika mbandakucha ndi amuna ena awiri, anagogoda mpaka anansi kutuluka. Akuti anayang'ana paliponse, ngakhale kuseri kwa makina osokera, Chiwala akuona. Anafunsa khomo ndi khomo kuti mumagona kuti ndipo kutauni mumakatani. “Palibe chimene tapeza, mng'ono wanga,” anatero, “koma tawaonetsa kuti pakhomopo pali eni ake.”

Ine sindinawatume zimenezo. Koma ndikabwerera m'mawu amene ndinawauza, sindikupeza china chimene munthu ngati iwo akanamva.

Ndinawafunsa kuti anawoloka bwanji. Anati, “Pamlatho, nanga pena pati?” Ndinati nanga mvula. Anati, “Mvula yake iti, iwe? Fumbi lokhalokha. Nsapato zanga zasanduka zofiira.”

Ndiye munkanena zoona. Munali pakhomo, kunali kouma, mlatho unalipo. Ndinakhala pa masitepe mpaka wina anandipempha njira. M'mawa mwake ndinadina batani, ndipo muulutsi anati mvula yagwa usiku wonse, nyumba zina zagwa kutsidya. Pamenepo ndinaopa zenizeni. Ndinakumbukira malume anga aja amene ankayankha anthu osaoneka. Ndinatenga kawailesi, n'kukaika pakhutu pa kapitawo, n'kumufunsa kuti akumva chiyani. Chinenero chathu sachimva. Anati, “Pali munthu akuyankhula, ndipo akuseka yekha. Bwerera pa makina.” Ndinatsala pang'ono kumukumbatira. Mawuwo alipodi. Koma akuchokera kuti, nanga akunena za dziko liti limene lili ndi msika wathu ndi mlatho wathu?

Tsiku lija pa foni, achimwene atachoka pakhomopo, musanazimitse, munati, “Mwakhulupirira sopo woyankhula kusiya ine.” Monga mukudziwa, mawu anga amachedwa. Sabata yatha, ndipo sanafikebe.

Ndalama ndatumiza kudzera kwa mlamu. Si yopepesera. Ndi ya mwezi uno basi. Nyumba musaisiye nthawi yaitali yopanda munthu, chiswe chimakonda pa zenera paja.

Ine,
bambo a Chiwala

28 Disembala

Amake Chiwala,

Moni kwa inu, kwa mwana ndi kwa mlamu amene akukusungani. Sindinalandire kanthu kuchokera kwa inu, ndipo sindikudandaula.

Ndikanayenera kukataya kanthu kaja, koma ndinkangokayatsa m'mawa uliwonse ngati munthu wokanda chilonda. Lachinayi, ndikupinda nsalu, inafika nthawi ya moni. Muulutsi anati, “Uwu ukuchokera kwa amake Chiwala, telala wa pafupi ndi mlatho.” Nsalu inagwa pansi. Anati ukupita kwa amuna awo amene atha miyezi iwiri ali kunja. Anati Chiwala wagwa dzino loyamba ndipo akukana kulitaya mpaka bambo ake alione. Anati denga likudontha koma asade nkhawa, ndowa ilipo. Kenaka anayamba kuseka asanamalize, monga amachitira, nati, “Akutinso mbali yanu ya bedi akuunjikapo nsalu za makasitomala kuti bedilo lisaoneke lalikulu. Abambo inu, fulumirani, malo anu atengedwa ndi nsalu!”

Amake Chiwala, dzino limenelo lili m'kabokosi ka machesi pansi pa pilo wanga. Munanditumizira chaka chatha. Kuno sindinathe miyezi iwiri, ndatha chaka ndi miyezi.

Ndinafunafuna nambala yatsopano ya Chisoti kwa anthu a kukhitchini mpaka ndinaipeza. Nditamufotokozera, anaseka mpaka kutsokomola. “Aprofesa! Zimene zija ndi zojambula! Chaka chatha ndinkajambula m'mawa uliwonse kunyumba, pa intaneti ya aneba, kuti ndizikamvera kudzenje kwanuko. Kakasowa intaneti kamangotsegula zosungazo, chimodzi chimodzi, kuyambira poyamba. Nyali ikakhala yobiriwira ndiye zalero. Yachikasu ndi zam'thumba. Si inu owerenga?” Ndinati bwanji sanandiuze. Anati, “Basi inkandisiya. Ndiye mwakhala mukumva mvula ya chaka chatha miyezi itatu? Mayo ine! Simunadzale?” Ndinati ndinadzala. Anayambanso kuseka, koma nditamuuza za achimwene anasiya kuseka, n'kuti, “Aa. Pepani, akulu.”

Ndiye ndi zimenezo. Mvula inagwadi, mlatho unakokolokadi, koma chaka chatha. Ndinkadziwa zonsezo. Ndinakulemberani ndekha kuti yayamba ngati chaka chatha, kuti mlatho wapitanso ngati chaka chatha. Ndinamva Lamulungu pa Lachitatu. Munthu wophunzira mbiri yakale zaka zinayi, zakale zitabwera pakhutu panga sindinazizindikire. Ndinakayika masiku, ndinakayika mutu wanga, ndinakayika inu. Kanthu ka galasi losweka kokha n'kamene sindinakakayike, ndipo chifukwa chake sindikuchidziwa bwino. Mwina n'chifukwa chakuti kankayankhula ndi ine tsiku lililonse.

Ndakapereka kwa adalaivala pamodzi ndi kalatayi. Ndakabweza pa m'mawa wa moni uja. Dinani batani lalikulu kamodzi, mudikire nkhani za pamsika zithe. Sindikutumiza kuti kandiyankhulire. Iko kanandinamiza za mvula basi. Za inu ndinadzinamiza ndekha. Ndikungofuna mudziwe kuti moni wanu wafika. Wachedwa chaka, wapeza nditaononga kale, koma wafika, ndipo ndaumva.

Mukatha mukhoza kukaponya pansi pa mlatho.

Ine,
bambo a Chiwala

25 Januwale

Amake Chiwala,

Moni. Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona, ngakhale chifuwa chabwereranso pang'ono.

Dzulo adalaivala anandipatsa kaphukusi kopanda kalata. Anati, “Madamu angoti perekani. Nkhope yawo sindinaiwerenge, bwana, ine ndi wa maenje.” Kanali kosokedwa ndi ulusi wofiira, msoko wake waung'ono ndi wowongoka, moti sindinafunikire dzina. M'kati munali kawailesi, mutakasokera kathumba ka nsalu yotsala ya diresi la sukulu la Chiwala, ndi kachingwe kokolowekera. Ndinakhala nthawi ndikuganiza ngati munthu amasokera thumba chinthu chimene akubweza mokwiya. Sindinapeze yankho. Mwina telala sangathe kutumiza chinthu chili maliseche.

Ndinadina kamodzi. Muulutsi kunalibe. Ndikuona kuti m'mawa onse a Chisoti mwawafufuta kupatula umodzi uja, ndipo batani lojambulira mwalipeza, limene ine miyezi itatu sindinalione. Poyamba ndinayesa kuti kawonongeka, chifukwa kankangoti waaa. Kenaka ndinazindikira kuti ndi mvula pa malata. Ndinamva makina osokera akuyenda, lamba akuterereka pa malo ake aja. Ndinamva Chiwala akuti, “Amayi, kayaka kofiira!” inu n'kuti, “Khala chete, bambo ako amve.” Mvula inapitirira. Kenaka munati, “Lero ndi pa 17 Januwale. Chaka chino. Iyi ndi mvula. Ndadzala Lachiwiri.” Ndinayesa mwamaliza. Munati, “Achimwene anu asadzapondenso pano.” Basi.

Pa “chaka chino” paja ndinaseka ndekha, mlonda n'kudzuka kundiyang'ana. Kenaka sikunalinso kuseka, iye n'kutembenukira kukhoma mwaulemu.

Simunanene kuti mwandikhululukira. Simunanenenso kuti simunatero. Ndamvera kambirimbiri kufuna kupeza mbali imene mawu anu apendekera, ndipo nthawi iliyonse ndimamva mosiyana. Ndasiya. Ndaphunzira kuti makutu angawa si oti ndiziwadalira kwambiri. Koma pansi pa mvulayo pali kaphokoso kena, kodontha pang'onopang'ono pa chitsulo. Ndowa imeneyo ndikuidziwa, ndi yopindika pansi paja ndinaigwetsa, ndipo ili pakona ya kuchipinda kwathu. Kwa mlamu denga silidontha.

Achimwene ndawauza. Ndinachita kulemba mawuwo papepala ndisanaimbe, kuti asachedwe. Anakwiya, anati ndadyetsedwa. Ndinati eya.

Kapitawo anandipatsa nambala yachinsinsi ija nditamufotokozera nkhani yonse. Anapukusa mutu, nati m'dziko lawo munthu ngati ine amamumangirira belu. Ku kantini kanyali kanasanduka kobiriwira, ndipo ndinamva kwathu kwa lero. Muulutsi ndi yemwe uja, nthabwala ndi zomwe zija. Atayamba kunena za nyengo ndinazimitsa.

Lamba ndamupeza, ali m'phukusili. Ya lata ilinso momwemo. Koma ngati mungapirire ndi ndowa mwezi wina umodzi, musaitane mmisiri. Ndapempha tchuthi cha mwezi wa Malichi. Sanayankhe, ndipo za mapepala zija zikadalipo, koma ndapempha. Ndikufuna ndidzakhome ndekha, ngati mungandilole kukwera padengapo. Mukudziwa kuti misomali ndimaipinda. Mudzandiuza muli pansi kuti ndikhome pati.

Kuno sindikudziwa ngati kunja kwacha bwino, ndikulemba ndili kudzenje nthawi yopuma. Nanga kumeneko? Ikugwabe?

Ine,
bambo a Chiwala